Utsi wa Nambewe pa Dzenje la 14

Loweruka pa 13 Julayi 2024, nthawi itangopitirira 3 koloko masana, akuluakulu a kalabu ya gofu ya pa esiteti yakale ya fodya, kumalire a Dowa ndi Ntchisi, anamuvula Yeremiya Msokera vesiti yake ya nambala 4 anthu akuona. Anamuvulira pa masitepe, chifukwa onyamula zikwama za osewera, amene kumeneko amawatcha makade, saloledwa kuponda pakhonde. Bambo wa zaka 63, imvi zili mbuu, anakweza manja m'mwamba ngati mwana amene akumuvula malaya kuti akasambe. Kalata sanamupatse. Lamulo limene anaphwanya sanamuuze. Anangoti, "Mukadikire kaye kunyumba, tikuitanani." Mlandu wake unali utsi wa m'khitchini ya mkazi wake.

Yeremiya anabadwira kwa Dzoole m'chaka cha 1961. Sukulu analekezera sitandade 5, chaka chimene bambo ake anagwa pa ngolo n'kuthyoka mwendo, ng'ombe n'kusowa wokazidyetsa. Mu 1983 anafika pa esitetiyi kudzagwira utenanti, atanyamula khasu, mphasa ndi kapoto kamodzi. Patapita zaka ziwiri anakwatira Faines, amene aliyense amamutchula ndi mfunda wake kuti Nambewe, wa m'mudzi wa pamtunda woyang'anizana ndi esiteti, n'kukakhala chikamwini komweko. Ana anabadwa asanu, awiri n'kutsogola. Amene ali pafupi ndi Madalo, anakwatiwa ku Malomo.

Esiteti inagwa monga anagwera ena ambiri. Mu 2003 kunabwera eni ake atsopano, n'kulengeza kuti minda yonse isanduka bwalo la gofu. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti: nthaka yobereka chonchi, munthu n'kudzalapo udzu? Yeremiya sanaseke nawo nthawi yaitali, kunyumba kunali ana. Analembedwa ganyu yozula zitsa. Anakumba ngalande, anatuta mchenga wa kumtsinje pa wilibala, anadzala kapinga chogwada kwa miyezi khumi ndi inayi mpaka khungu la m'maondo linauma ngati chikopa. Bwalo litatsegulidwa mu 2006, iye anali mmodzi mwa makade khumi oyamba. Anzake aja ena anamwalira, ena anapita ku Joni. Nambala yake yokha ndi imene inakhala pamsana umodzi zaka 18.

Masewerowa ali motere. Bwalo lili ndi maenje 18. Pa dzenje lililonse wosewera amayambira pamalo oikika, n'kumamenya kampira koyera ndi ndodo mpaka kakalowe m'kadzenje kokhala ndi mbendera, pakati pa kapinga wometedwa mosalala amene amati girini. Wopambana ndi amene wamenya kochepa. Ndodo zili ndi manambala, ndipo nambala ikamachepa mpira umapita kutali. Kade amanyamula chikwama cha ndodozo, amapukuta mpira, amaufunafuna ukasochera, komanso ndi iye amene amaloledwa kulangiza wosewera wake. Kade wosadziwa bwalo ndi bulu chabe. Wodziwa amapulumutsa munthu wake kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, mwini wake osazindikira n'komwe.

Iye mwini gofu sanasewerepo. Lolemba makade amaloledwa kusewera ndi ndodo zakutha, koma Lolemba Yeremiya amakhala kudimba. Chimene anali nacho n'chakuti ankadziwa zimene zili pansi pa kapinga. A kalabu anasindikiza kabuku kokongola ka mapu ndi mamita a dzenje lililonse. Kabukuko sikanena kuti pa dzenje la 7 panali nazale ya fodya, ndipo madzi sachokapo ngakhale mu Okutobala. Sikanena kuti girini ya 11 anaiyala pamwamba pa maziko a chigafa. Yeremiya ndi amene anakwirira njerwazo ndi manja ake.

Mu 2019 anayamba kunyamulira Princess Chalira, mayi wa zaka za m'ma 30 amene amagwira ntchito ya mijigo ku bungwe lina ku Dzaleka. Princess anali ndi mkono wamphamvu ndi mtima wapachala. Mpira uliwonse ankafuna kuutumiza ku Kasungu.

"Madala, mbendera ikuoneka poyera apo. Ndingolozako basi?" anafunsa tsiku lina pa dzenje la 3.

"Mbendera imeneyo ikukunamizani, mayi. Mukuchiona chulu icho? Lozani kumanzere kwake. Nthaka idzaubweza yokha mpirawo."

"Koma kumanzere kulibe kanthu."

"N'chifukwa chake tikupita kumeneko."

Anamuphunzitsa bwalo lonse motero, dzenje ndi dzenje, kwa zaka zisanu. Pa dzenje loyamba osatulutsa ndodo yaikulu, thupi limakhala lisanatenthe ndipo kumanja kuli tchire la nsenjere. Pa la 7 osayesa kudumpha dambo ndi kumenya kumodzi. Menyani mofupika, mpira ugone kutsidya lino, kenako muwoloke ndi kwachiwiri. Pa la 9 mtunda umaba mamita, tengani ndodo yoposa imene maso akukuuzani. Pa la 11 mpira ugwere kunja kwa girini n'kulowa chogubuduka, chifukwa ukagwera pa njerwa zija umadumpha ngati chiwala n'kukathera mu mchenga wa kuseri. Pa la 12, lalitali lija, khalani kumanzere ngakhale njira ikuoneka yozungulira. Magirini onse a kutsidya kwa mtsinje amapendekera kumtsinjeko, maso akane asakane. Ndipo pa la 18 mdani si madzi a m'damu, koma anthu a pakhonde amene akukuyang'anani, magalasi ali m'manja.

"Pamenepo munthu amafuna aoneke," ankatero. "Inu musaoneke. Mulowetse mpira, mudzaonekera pa chikho."

Princess ankaseka. "Madala, mukanakhala m'busa bwenzi tchalitchi chikudzaza."

"Abusa amawamvera. Inu mumandimvera mukataya mipira itatu."

Koma dzenje limene limathyola anthu pa bwalo limenelo ndi la 14. Ndi lalifupi, lofunika kumenya katatu kokha. Poyambira pake pali m'katikati mwa mitengo ya bulugama yowirira, moti wosewera akazula udzu n'kuuponya m'mwamba kuti aone mphepo, udzuwo umagwera pa nsapato zake. Kutsogolo kuli khwawa lakuya la miyala. Kutsidya kuli girini, yobisala kuseri kwa thanthwe, mbendera yake ili lende ngati chovala chonyowa. Pansi ponse pali bata. Koma mpira ukangokwera kupitirira nsonga za bulugama umakumana ndi mwera umene umadutsa pampata wa mapiri awiri, ndipo miyezi ya Juni ndi Julayi mwerawo umautenga ngati tsamba n'kukauponya m'khwawa kumanzere. Tsiku lina umakhala wamphamvu, tsiku lina wagona, tsiku lina wabwerera. Uli poyambira sungadziwe.

Kumtunda, kuseri kwa girini, kunja kwa waya wa kalabu, kuli mudzi wa kwao kwa Nambewe. Khitchini yake ya udzu ndi yomalizira kumapeto, ndipo yaima msinkhu womwe mpira umafika ukakhala pamwamba penipeni. Loweruka lililonse Nambewe amakazinga zitumbuwa zokagulitsa masana pamsewu wa ku Malomo. Mu 2009, ali chiimire poyambira dzenje la 14, Yeremiya anakweza maso n'kuona utsi wa kunyumba kwake utagona chammbali pamene udzu wa bwana wake unagwa chowongoka. Anamuuza bwanayo kuti asinthe ndodo. Mpira unatera pa girini.

Vuto linali lakuti nkhuni zikauma bwino utsi suoneka. Tsono madzulo ake anati, "Nambewe, ikamakwana 11 koloko uziponyapo masamba aawisi pang'ono pamotopo."

"Kuti ndizitsokomola ine?"

"Pang'ono chabe. Ndikakuonere kuntchito."

"Zaka zonsezi simunandione, mukufuna mukandionere pa utsi?"

Koma anaponyapo. Anakhala akuponyapo zaka 15. Sichinali chinsinsi. Yeremiya ankauza aliyense amene wamunyamulira, ankauza ndi makade anzake, ena n'kumamvera, ena n'kumamuseka kuti Pulofesa wa utsi. Utsiwo unkakwera poyera, pamaso pa wosewera aliyense amene ali ndi khosi lotha kudzutsa mutu.

Mpikisano waukulu wa 2024 unali wa masiku atatu, ndipo kunabwera osewera a ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Pofika Loweruka, tsiku lomaliza, kumbali ya amayi kunatsala anthu awiri: Princess ndi mayi wina wa ku Blantyre amene anali atatenga chikhocho kawiri. Womunyamulira mayiyo anali Lester, bambo wa ana anayi wa m'mudzi woyandikana, kade wabwino ndithu koma wosakonda kuuzidwa. Anafika pa dzenje la 14 ali ofanana.

Woyamba kumenya anali mayi wa ku Blantyre. Anaponya udzu, unagwera pansi. Anayang'ana mbendera, inali lende. Lester anamupatsa ndodo ya nambala seveni. Mpira unanyamuka bwino, wowongoka ngati chingwe, n'kukwera kupitirira mitengo, kenako unayamba kupatuka pang'onopang'ono ngati munthu amene wakumbukira njira ina. Anamva kulira kwake pa miyala ya m'khwawa.

Princess anali atagwira kale seveni. Yeremiya anaigwira kumapeto osaisiya.

"Taonani kumtunda uko, mayi. Utsi wa Nambewe wagona, sukudzuka n'komwe. Tengani sikisi. Mbendera muiiwale. Lozani mtengo wa msuku uwo kumanja."

"Madala, kumeneko ndi kumchenga."

"Sukafika. Mwera ukubweretserani."

Anamenya. Mpira unapita kumsuku, n'kukhota, n'kutera pa girini mapazi asanu ndi limodzi kuchokera pa dzenje. Princess anamaliza dzenjelo ndi kumenya kuwiri, mnzakeyo kasanu. Akutsika m'kanjira, mayi wa ku Blantyre anamutembenukira Lester n'kumuthira mawu m'Chingerezi, oti ndi kade wanji wosadziwa mphepo ya kwao. Lester, manyazi atamugwira pamaso pa anthu, anayankha mokweza:

"Nanga ine, madamu, ndili ndi mkazi wondikolezera moto paphiri?"

Anthu anaseka. Mayiyo sanaseke. Anafunsa tanthauzo lake, wina n'kumumasulira.

Princess anapambana ndi kumenya kutatu. Pa la 18 sanaoneke. Analowetsa mpira mwakachetechete n'kumugwira Yeremiya dzanja ndi manja awiri. Chikho chinali kale patebulo la pakhonde, atachipukuta. Koma m'malo moitana dzina lake, kaputeni wa kalabu, a Alexio Matewere, analowa m'chipinda ndi anzawo atatu a komiti, atanyamula pepala la dandaulo la mayi wa ku Blantyre uja. Anakhalamo theka la ola. Atatuluka anaitanitsa kade nambala 4.

Yeremiya anabwera chothamanga, chipewa chili m'manja, akuganiza kuti akufuna kumuyamika. Anaima pa sitepe yachiwiri.

"A Msokera," anatero a Matewere, "utsi uja wa paphiri, ndi wa kunyumba kwanu?"

"Eya bwana, ndi mayi akunyumba. Amakazinga zitumbuwa."

"Amangokazinga basi, kapena munachita kupangana?"

Apa ndi pamene panali khomo lotulukira, ndipo linali lotsegula. Princess, ali kumbuyo kwa a Matewere, anamuyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono. Akanangoti mkazi akuphika, nkhani ikanathera pomwepo, pakuti palibe komiti pansi pano imene ingaletse mayi kuphika kwao. Munthu wa m'tauni akanadziwa kuti funso lotere silifuna choonadi chonse. Koma Yeremiya anakulira mu mpingo umene mkulu akakufunsa umayankha zonse, ndipo ankakhulupirira kuti akufunsidwa za luso lake. Anamwetulira.

"Tinapangana, bwana. Nkhuni zouma sizionetsa, ndiye ndinamuuza kuti ikamakwana 11 aziponyapo masamba aawisi. Chiyambire 2009. Inunso ndinakuonetsani muja munatenga chikho mu 2016, paja munati ndi nzeru zakuya."

Pakhonde panamveka kuseka. A Matewere anayang'ana pepala lawo nthawi yaitali. Zimene zinatsatira zinalankhulidwa m'Chingerezi, ndipo Yeremiya anatolapo mawu awiri kapena atatu. Anati wosewera walandira thandizo lochokera kunja kwa bwalo. Princess anachotsedwa mu mpikisano. Chikho chinapita ku Blantyre kachitatu. Chikho cha 2016 sichinatchulidwenso, ndipo mpaka lero chili m'kabati kunyumba kwa mwini wake. Kenako mkulu wa makade anatumidwa kuti atenge vesiti.

Princess anakangana nawo mpaka mawu anasasa. Anawafunsa ngati utsiwo unali wobisika kwa mnzake. Anawafunsa ngati kade wa mnzakeyo sankaudziwa. Anamuuza kuti chigamulo cha komiti n'chomaliza, ndipo za makade ndi nkhani ya m'kati mwa kalabu, iye isamukhudze. Potuluka anamupeza Yeremiya pageti atakhala pa mwala.

"Madala, bwanji simunangoti akuphika?"

"Anandifunsa, mayi."

"Ndikudziwa kuti anakufunsani."

"Ndakutayitsani chikho." Anayang'ana pansi. "Sikisi ija inali yolondola koma."

Princess anafuna kuseka, m'malo mwake analira.

Kunyumba Nambewe anali atabwerako kumsewu, akutsuka beseni. Anamuyang'ana kuyambira kumutu.

"Bambo a Madalo, vesiti mwaisiya kuti?"

Anamufotokozera. Nambewe anakhala pansi, manja ali ndi thovu.

"Ndiye kuti wolakwa ndine?"

"Ayi, ndine ndinakuuza."

"Zaka 15 ndikutsokomola ndi masamba anu, kupezeka kuti ndimasewera gofu osadziwa. Nanga bwanji sanandiitane ndikayankhe ndekha? Ndikanawauza kuti moto ndi wanga, chiwaya n'changa, phiri ndi la amayi anga."

Sanamuitane. Sanaitane aliyense. Nkhani ikamayenda pakamwa imasintha, ndipo pofika ku Malomo inali yoti Nambewe amafukiza mankhwala opatutsa mipira ya anthu. Anyamata a kabaza ankamukuwa pamsewu kuti, "Amayi, tipatseni ziwiri za mwayi!" Amenewo ankangocheza. Koma amayi ena anasiya kumugula, ndipo mu Ogasiti akulu a mpingo awiri anabwera kudzakhala pakhonde pake, zipewa zili pamaondo, kudzafunsa mwaulemu kuti masamba ake anali a mtengo wanji. Anawatengera kuseri n'kuwaonetsa bulugama. Anapepesa, anapemphera, anapita. Kuyambira tsiku limenelo Nambewe, amene wakhala mayi wa Chigwirizano kwa zaka 30, sakolezanso moto m'khitchini yake Loweruka m'mawa. Amakakazingira kwa mng'ono wake, kuseri kwa phiri, kumene bwalo silioneka.

Yeremiya anadikira sabata yathunthu monga anamuuzira. Pa 22 Julayi anapita ndi kalata yoyamba, imene anamulembera mkulu wina wa mpingo wodziwa Chingerezi. Mlonda wa pageti, munthu amene anadzala naye kapinga mu 2004, anailandira osamuyang'ana kumaso. "Akuti musalowe, achimwene. Musandide ine." Yankho silinabwere. Pa 9 Seputembala anapititsa yachiwiri. Mlembi wa kalabu anatumiza mawu kudzera kwa mlonda yemweyo kuti komiti sinakhale pansi. Komiti imene inagamula munthu m'theka la ola inalephera kukhala pansi m'miyezi iwiri. Pa 3 Febuluwale 2025 anapititsa yachitatu, mvula ikumukwapula, kalata ataikulunga m'pepala la shuga. Anamuuza kuti kunali chisankho, komiti ndi yatsopano, nkhani zakale siikuzidziwa. Kaputeni wa komiti yatsopanoyo ndi a Alexio Matewere.

M'makalata onse atatu munali funso limodzi: lamulo limene ndinaphwanya ndi liti, ndipo chilango changa chitha liti? Mwina lamulolo lilipo. Buku la malamulo a gofu ndi lalikulu, ndipo anthu ophunzira akafuna kupeza chinthu m'buku amachipeza. Ngati lilipo, anene nambala yake, Yeremiya apepese. Iye anakonzeka kale kupepesa. Ndi munthu amene amapepesa ngakhale wina akamuponda. Koma munthu sangapepese mlandu umene sanauuzidwe, ndiponso sangamalize chilango chimene sichinatchulidwe kutalika kwake. Sanamuchotse ntchito, kuti akafune kwina ndi mtima umodzi. Sanamubwezere. Anangomupachika.

Ndipo pali ichi, chimene wina aliyense wa m'mudzimo angachiloze ndi chala. Mu Okutobala 2024, miyezi itatu chichitikire zimenezi, antchito a kalabu anabwera ndi thirakitala n'kuimika mlongoti wachitsulo kuseri kwa girini ya 14, m'kati mwa waya, mapazi makumi asanu kuchokera pa khitchini ya Nambewe. Pamwamba pake anamangapo nsalu yofiira yooneka ngati mwendo wa thalauza. Ntchito yake ndi yoonetsa osewera kumene mphepo ikulowera. Chimene chinali mlandu chili cha udzu ndi masamba chinasanduka chitukuko chitakhala chachitsulo.

Yeremiya anaima kunja kwa waya akuwaonerera akukumba. Anapirira mpaka analephera.

"Lester! Auze asunthire kumtunda mapazi makumi awiri. Pamenepo thanthwe likutchinga. Nsaluyo izidzanama."

Lester, amene anamubwereka kuti athandize kukumba, anabwera pawaya. Chichitikire nkhani ija anali asanayang'anane maso.

"Adala, ine ndingauze ndani? Amene anayeza ndi injiniya wa ku Lilongwe."

"Anabwera mwezi wanji?"

"Sabata yathayi."

"Mu Okutobala mulibe mwera."

Lester anakanda m'mutu. "Adala, tsiku lija pakamwa panangondithawa. Mayi uja anandinyoza kwambiri."

"Ndikudziwa. Seveni ija ndiyo unalakwitsa. Zinazo si iwe."

Mlongoti unaimikidwa pomwe injiniya ananena. Mwera wa chaka chino utayamba, nsalu ija imagwedezeka mwaulesi pamene kumwamba kukuomba mphepo yothyola nthambi. Loweruka lililonse Yeremiya amakhala pa chitsa kuseri kwa khitchini yozizira, bwalo lonse lili pansi pake ngati chitenje choyala. Amaona timagulu ta anthu tikutuluka m'mitengo ya bulugama. Patali chotero nkhope sizioneka, koma iye amawadziwa ndi kaimidwe. Amaona kade akusolola ndodo, ndipo milomo yake imayenda yokha: sikisi, bwana, sikisi, lozani msuku. Kenako kampira koyera kamakwera, n'kupatuka. Loweruka lina la mwezi uno anawerenga mipira 23 m'khwawa. Kukuwa sangakuwe, akudziwa tsopano kuti mawu ochokera kunja kwa waya akhoza kutayitsa munthu chikho.

Maondo aja ayamba kutupa m'mawa. Kade amene wakhala chaka osayenda maenje 18 miyendo imamuiwala, ndipo pa zaka 64 siikumbukanso msanga. Choncho masiku ena amadzaza thumba la feteleza ndi njerwa zinayi, n'kulikoleka paphewa, n'kuzungulira dimba kasanu ndi kawiri. Nambewe amamuyang'ana ali pakhomo.

"Anthu aziti mwapenga."

"Akandiitana mawa ndipite ndi miyendo iti?"

"Akuitanani ndani, bambo a Madalo?"

Amasintha phewa n'kupitiriza.

Sabata yatha Princess anaimba foni kwa Madalo ku Malomo, Madalo n'kukwera kabaza kudzanena. Princess walembetsanso mpikisano wa chaka chino. Pa fomu pali mzere wolembapo dzina la kade, ndipo iye walembapo Yeremiya Msokera. Mlembi wamuuza kuti dzinalo silili pa mndandanda wa makade ololedwa, komanso silili pa mndandanda wa ochotsedwa, tsono kompyuta ikukana. Mndandanda utsekedwa Lachisanu pa 27 Juni. Amene sadzakhalapo tsiku limenelo adzadikira chaka china, ndipo Yeremiya akudziwa, ngakhale sanena, kuti chaka china maondo sadzamulola.

Wachita zonse zimene munthu wa kumudzi angachite. Wadikira. Walemba katatu. Waima pageti mpaka mlonda kuchita manyazi. Loya alibe, ndipo bungwe la makade kulibe. Kwa a mfumu sangapite, chifukwa waya wa kalabu suli pansi pa mfumu iliyonse. Chatsala ndi kufunsa poyera.

A Alexio Matewere, ndi inu nonse a komiti: munthu uyu anakunyamulirani zikwama zaka 18, ndipo mwamusunga panja miyezi khumi ndi umodzi popanda mawu. Yeremiya Msokera anaphwanya lamulo liti? Chilango chake ndi cha masiku angati? Abwerere pa ntchito kapena asabwerere? Lembani yankho papepala, m'Chichewa choti awerenge yekha, musainire dzina lanu, ndipo limupeze kunyumba kwake pasanafike pa 27 Juni.